Kodi pa zaka 41 munthu angaphunzirebe Chizulu?

Achemwali, mwati mwatha zaka ziwiri ku Johannesburg, ana anu akulankhula kale Chizulu ngati anabadwira komweko, pomwe inuyo, pa zaka 41, lilime likukanabe, ndiye mukufunsa ngati nthawi yanu yophunzira inapita. Sinapite ayi. Kukula kumatilandadi zinthu zina, koma anthu amakunamizira zambiri zimene si mlandu wake.

Chimene chimayamba kutha ndi khutu, ndipo chimatha msanga modabwitsa. Mu 1984, ku Canada, akatswiri ofufuza Janet Werker ndi Richard Tees anapeza kuti makanda a miyezi 6 mpaka 8 a m'mabanja olankhula Chingerezi ankasiyanitsa kamvekedwe ka mawu ena a Chihindi amene akuluakulu olankhula Chingerezi amawamva ngati amodzi. Pofika miyezi 10 mpaka 12, ambiri anali atasiya kusiyanitsa. Ubongo umagwira kamvekedwe ka chilankhulo cha pakhomo n'kumasiya ena onse. N'chifukwa chake zilembo c, q ndi x za Chizulu, zotchulidwa ndi kaphokoso ka lilime, zikukuzunzani pomwe ana akungozitchula akusewera. Pamenepa ndisakunamizeni, mwina mpaka kukalamba anthu azidzamva kuti si inu a kumeneko. Joseph Conrad, amene anakula akulankhula Chipolishi, anaphunzira bwino Chingerezi atapitirira zaka 20, n'kudzakhala mlembi wotchuka m'chilankhulocho, koma katchulidwe kake kanakhalabe kachilendo mpaka imfa.

Malamulo a chilankhulo ndiye sathawa msanga chotero. Mu 2018 Joshua Hartshorne, Joshua Tenenbaum ndi Steven Pinker anaunika mayankho a anthu pafupifupi 670,000 amene analemba mayeso a Chingerezi pa intaneti. Anapeza kuti luso logwira malamulowo limakhalabe lamphamvu mpaka zaka pafupifupi 17, ndipo kuti wofuna kufanana ndendende ndi eni chilankhulo ndi bwino ayambe asanapitirire zaka 10. Koma taonani, muyeso wake ndi kufanana ndi eni ake. Inu chimene mukufuna n'chakuti mufotokoze matenda kuchipatala, mukambirane mtengo kumsika, mumvane ndi abwana kuntchito. Zimenezo sizifuna kuti mukhale Mzulu.

Ndipo poyambira penipeni wamkulu amathamanga kuposa mwana. Catherine Snow ndi Marianne Hoefnagel-Höhle anatsatira anthu olankhula Chingerezi amene anasamukira ku Netherlands, ndipo mu 1978 analemba kuti m'miyezi yoyambirira achinyamata a zaka 12 mpaka 15 ndi akuluakulu ndiwo ankagwira Chidatchi msanga, tiana tating'ono tikutsalira. Inunso muli ndi mwayi wina: Chizulu n'chachibale ndi Chichewa, magulu a mayina ndi kamangidwe ka aneni n'zofanana kwambiri.

Nanga ana akukuposani pati? Ine ndimaona kuti ndi maola ndi manyazi. Mwana amakhala m'Chizulu kuyambira m'mawa kusukulu mpaka madzulo kumasewera, amalakwitsa, anzake amamuseka, mawa ali pomwepo. Inuyo mwina kuntchito ndi Chingerezi, kunyumba Chichewa, kutchalitchi Amalawi okhaokha, pa WhatsApp abale akumudzi. Tawerengani bwino mphindi zimene mumalankhula Chizulu pa sabata. Ndikudziwanso kuti ambiri amangokhala chete mu takisi poopa kudziwika kuti ndi obwera, ndipo mantha amenewo ali ndi chifukwa chake, sindingawapepuse.

Choncho yambirani pamene mtima wanu uli m'malo. Pezani mayi mmodzi woyandikana naye amene mumamukhulupirira, mumupemphe kuti azikuyankhani m'Chizulu basi ngakhale mukakamire. Tsegulani wayilesi ya Chizulu ya Ukhozi FM pophika. Ana akuphunzitseni c, q ndi x zija, amakondwa kwambiri kuwongolera mayi awo. Koma chonde phunzirolo likatha, pa chakudya bwererani ku Chichewa, chifukwa msinkhu womwewo umene ukuwathandiza kugwira Chizulu msanga ndi umenenso mwana amataya chilankhulo cha kwawo akasiya kuchilankhula, ndipo agogo awo kumudzi adzafuna kucheza nawo pa foni.