Mwana wasiya sukulu chifukwa cha chithunzi cha pa WhatsApp

Funso: Mayi, ndine mphunzitsi wa Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Dedza. Mtsikana wina m'kalasi mwanga anajambulidwa akusinza pa desiki, kukamwa kuli yasa. Anamujambula ndi mnyamata wa m'kalasi momwemo, amene anabwera mobisa ndi foni ya mchemwali wake. Madzulo ake chithunzicho chinali pa sitetasi ya WhatsApp ndi mawu achipongwe, ndipo pofika Lolemba ana a makalasi ena anali atamupatsa dzina lomunyoza. Ino ndi sabata yachiwiri asakubwera kusukulu. Ndili ndi ana 94, a foni yawoyawo ndi owerengeka, kompyuta tilibe. Za kuzunzana pa intaneti ndiwaphunzitse bwanji?
Mphunzitsi, Dedza

Yankho: Aphunzitsi, phunzirolo liyambe ladikira. Mawa lomwe pitani kwawo kwa mtsikanayo, mutenge mmodzi wa amayi a mother group, gulu la amayi loyang'anira atsikana pasukulu panu. Mukamuuze makolo ake akumva kuti palibe chimene analakwa. Mwana amene walawira kumjigo asanapite kusukulu sangalephere kusinza nthawi ya masamu. Ndikutsindika zimenezi chifukwa makolo ambiri akamva nkhani yotere amayamba kukalipira mwana wawo yemweyo, ndipo ulendo wina mwanayo amangofa nazo mumtima.

Tsono za m'kalasi. Simufunika foni kapena kompyuta. M'zaka zanga zomaliza pa choko, m'phunziro la Life Skills, ndinkachita chonchi. Ndinkalemba pa kapepala mawu opanda vuto, monga akuti "Mbuzi ya agogo yadya sopo", n'kupatsa mwana mmodzi. Iye akopere pa timapepala tiwiri apatse anzake awiri, awiriwo achitenso chimodzimodzi. Pa ana 94 anuwo, ulendo wachisanu ndi chimodzi usanathe aliyense akhala atalandira. Muwatulutse apite ku buleki ndi timapepala tawo. Akabwerako, muitane mwana woyamba uja mumuuze kuti, "Ndasintha maganizo, ndibwezere tonse." Ayesetsa koma alephera: tina tauluka ndi mphepo, tina tafika kale ku Sitandade 4, ndipo amene awerenga sangaiwale. Pamenepo funsani mwakachetechete: "Nanga pakanakhala dzina lako ndi nkhope yako?" Ndinaona ana olongolola kwambiri akuti zii. Musatchule dzina la mtsikana uja. Onse akudziwa kale.

Khalitsani pa ana amene anakopera aja, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Wojambula anali mmodzi, koma amene athamangitsa mtsikanayu pasukulu ndi amene anaseka, kutumiza ndi kumuitana dzina lija. Mudzamva akuti, "Ine sindinajambule, ndinangotumiza," kapena "Timangocheza." Afunseni: kucheza kwake, mwini wake anaseka nawo? Ena adzati sitetasi imafufutika yokha pakatha maola 24. N'zoona, koma wina akaijambula sikirinishoti, chithunzicho chimakhala mufoni mwake mpaka chaka chamawa. Kale mwana akanyozedwa kusukulu ankapumula akafika kunyumba. Lero chipongwe chimamupeza ali pamkeka, pa foni ya mayi ake.

Kenako alembe m'makope mwawo zochita zikawagwera: asabwezere, asunge uthengawo ngati umboni, amubuloke munthuyo, auze munthu wamkulu amene amamukhulupirira tsiku lomwelo. Lembani pa bolodi nambala ya 116, yothandiza ana, yomwe amaimba mwaulere. Muisiye pakona ya bolodi teremu yonse.

Makolo musawasiye kunja, chifukwa mafoni amene ana akugwiritsa ntchito ndi a makolo, achemwali ndi achimwene. Pemphani ahedi akupatseni mphindi khumi pa msonkhano wa PTA, wa makolo ndi aphunzitsi. Ambiri sadziwa kuti WhatsApp, Facebook ndi TikTok salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti. Sadziwanso kuti dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limati kuzunza munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti ndi mlandu. Mchemwali amene anabwereketsa foni uja ayenera kumva zimenezi.

Mnyamata wojambulayo ndi mwananso. Ine sindingamuimike pa asembule kapena kumutengera kupolisi pa nkhani ngati iyi. Aitanidwe mu ofesi ya ahedi pamodzi ndi makolo ake, chithunzicho chifufutidwe inu mukuona, apepese kwa mnzakeyo, ndipo iye yemweyo akauze amene anawatumizira kuti achichotse. Koma chithunzi chikakhala chamaliseche, kapena pali kuopseza, kapena munthu wamkulu walowererapo, musakambirane zapachiweniweni: thamangani nayo ku Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza ozunzidwa, ndipo chithunzicho musachitumize kwa aliyense, ngakhale kwa mphunzitsi mnzanu.

Tsiku limene mtsikanayo adzabwerere, mukhale mutakonzeratu atsikana awiri odekha oti akamutenge kunyumba ndi kukhala naye desiki imodzi. Mumukoperetsenso manotsi a masabata awiri amene waphonyawa, poti chaka chamawa ali ndi mayeso a Sitandade 8.