Yankho: Mwaitanidwa ku ukwati wa Ahindu a Chigujarati, mupite tsiku liti ndipo mutenge chiyani?

Achemwali, mwati bwana wanu ku Limbe, Mhindu wa Chigujarati (anthu ochokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India), akukwatitsa mwana wawo wamkazi, khadi likuonetsa masiku atatu, ndiye mukufunsa tsiku loti mupite, zovala, mphatso, komanso ngati ndi zoona kuti kwawo akuchikazi ndi amene amalipira.

Yambani mwaona dzina la mwambo umene alemba pa khadi lanu. Amwenye amaitana anthu mwambo ndi mwambo, ndipo kuitanidwa ku phwando la madzulo sikutanthauza kuti mukalowenso ku pithi. Pithi ndi wa pabanja: amasakaniza ufa wa chikasu, ufa wa tchana ndi madzi onunkhira, n'kupaka mkwati ndi mkwatibwi aliyense kwawo. Chikasu sichichoka pa nsalu, choncho mukaitanidwa valani chovala chomwe simungachidandaule.

Mehndi ndi tsiku lojambula maluwa m'manja mwa amayi ndi phala la masamba a hena, lomwenso amalitcha mehndi. Akakujambulani, siyani phalalo liume kwa maola osachepera 6, muzidonthezera madzi a mandimu osakaniza ndi shuga kuti lisagwe msanga. Pochotsa palani ndi chala, osasamba, ndipo pewani madzi tsiku limenelo. Poyamba mtundu umakhala wotuwa ngati lalanje, umadera pakatha masiku awiri. Amene amathamangira kusamba ndiwo amadandaula kuti sizinagwire. Chenjerani ndi mehndi wakuda bii amene amagwira m'mphindi zochepa, chifukwa nthawi zambiri amathiramo mankhwala odetsera tsitsi otchedwa PPD, ndipo ena amatuluka nawo matuza n'kutsala ndi zipsera. Weniweni phala lake ndi lobiriwira ndipo limanunkha masamba.

Ngati mungathe tsiku limodzi lokha, pitani la ukwati weniweni, ndipo sungani nthawi. Ola limene lili pa khadi wansembe amachita kuwerengera pa kalendala yawo ya nyenyezi, ndiye silidikira alendo. Mkwati amafika ndi gulu lake akuvina, apongozi aakazi n'kumulandira pakhomo, ndipo mwanthabwala amayesa kumugwira mphuno pomukumbutsa kuti wabwera kudzapempha. Mkwatibwi amabweretsedwa ndi amalume ake, amenenso amamugulira panetar, sari (nsalu yaitali yovala amayi a ku India) yoyera ya m'mphepete mofiira, ndi zibangili. Kale zibangilizi zinali za minyanga ya njovu, lero ambiri amagula zapulasitiki. Udindo wa amalumewu sungakudabwitseni inu amene mukudziwa za mwini mbumba.

Zonse zimachitikira mu mandap, kachisakasa ka mizati inayi kokhala ndi moto pakati. Mkwati ndi mkwatibwi amavekana nkhata za maluwa, makolo amaika dzanja la mwana wawo m'dzanja la mkwati, kenako amamanga nsonga za zovala zawo pamodzi. Agujarati amazungulira moto kanayi, pomwe madera ambiri a kumpoto kwa India amazungulira ka 7. Akatero amayenda masitepe 7, lililonse ndi lonjezo lake, ndipo apa ndi pamene pagona ukwati. Lamulo la ku India la maukwati a Ahindu la 1955 limati pamene mwambowu ukutsatidwa, ukwati umamangika pa sitepe ya chi 7. Mu 2024 khoti lalikulu la India linagamula kuti satifiketi yokha, popanda mwambo, sipanga ukwati wa Chihindu. Zina zonse zasintha kwambiri: miyambo imene inkatenga sabata amaipanikiza m'masiku awiri kapena atatu, nyimbo za amayi akuluakulu zalowedwa m'malo ndi magule oyeserera ndi DJ, ndipo mumzinda wa Kolkata ku India muli ansembe aakazi amene amamangitsa ukwati osachita mwambo wopereka mwana wamkazi, ati munthu si katundu. Koma moto sauchotsa.

Mukafika pafupi ndi mandap vulani nsapato. Mukaona atsikana akuthawa ndi nsapato za mkwati musakuwe kuti wakuba, ndi masewera a azilamu ake, ndipo amaziwombola ndi ndalama.

Zovala: chitenje chowala kapena diresi lalitali lophimba mapewa ndi zokwanira. Choyera chokhachokha ndi cha maliro, chakuda ambiri sachikonda pa chisangalalo, chofiira musiyireni mkwatibwi. Mphatso yabwino ndi ndalama mu envulopu, ndipo chiwerengero chithere pa 1, monga 501 kapena 1,001 ku India. Kuno ikani zimene mungathe n'kuwonjezerapo kakobili kamodzi. Perekani ndi dzanja lamanja kapena manja awiri. Perekaniperekani wa pa maikolofoni kulibe. Musagule chikwama kapena lamba wachikopa, ng'ombe amailemekeza. Chakudya yembekezani chopanda nyama ndi mazira, ndipo ngati banjalo ndi la chipembedzo cha Jain simupezamonso anyezi, adyo kapena mbatatesi. Mowa musanyamule.

Za kulipira zija, n'zoona kuti kunali ndipo kudakali mwambo woti akuchikazi apereke ndalama, golide kapena galimoto kwa akuchimuna, mosiyana ndi malowolo. Koma ku India ndi mlandu kuyambira 1961: wopereka kapena wolandira angamangidwe zaka zosachepera 5, wongopempha chabe miyezi 6 mpaka zaka ziwiri. Lamuloli silinathetse mchitidwewu, chifukwa anthu anangousintha dzina n'kumati ndi mphatso, ndipo ovutika amakhala mtsikana pamene apongozi ayamba kufuna zowonjezera ukwati utachitika kale. Mabanja ambiri ophunzira anausiya ndipo amachita nawo manyazi, choncho imeneyi si nkhani yofunsa bwana wanu pa tebulo.

Ngati mukufuna kutsanzika makolo, teroni vidaai isanayambe, pamene mkwatibwi amatsanzika kwawo. Nthawi imeneyo banja lonse limakhala likulira ndipo simupeza woyankhula naye.