Mmonke wa pagombeyo sanataye Mulungu

Achemwali, mwafunsa ngati chithunzi mwaikachi, cha munthu ali yekhayekha pagombe, chikuonetsa munthu amene wataya chikhulupiriro. Ine sindikuona choncho.

Dzina lake ndi Der Mönch am Meer (Mmonke Pagombe la Nyanja). Anachijambula ndi Caspar David Friedrich wa ku Germany, pakati pa 1808 ndi 1810, ndipo pano chili ku Alte Nationalgalerie, nyumba yoonetsera zithunzi mumzinda wa Berlin. Wavala mkanjoyo ndi mmonke, munthu wodzipatula kuti atumikire Mulungu. Taonani kuchepa kwake, kadontho chabe. Watifulatira, kutsogolo kwake kuli madzi akuda bii, ndipo mbali yaikulu ya chithunzi ndi thambo lokhalokha. Akatswiri atachiunika anapeza kuti poyamba panali zombo zamatanga, koma mwiniwake anazifafaniza. Anachotsa dala chilichonse chimene chikanabwera kudzamutenga munthuyu.

Madziwo si okongoletsa ayi. Friedrich anabadwira ku Greifswald, kufupi ndi nyanja ya Baltic, mu 1774. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 7. Mu 1787 mng'ono wake anamira, madzi oundana atasweka pansi pa mapazi ake. Munthu wotere akajambula madzi akuda, manda sali kutali.

Kwathu kuno maliro sitilira tokha, n'chifukwa chake chithunzichi chimatidabwitsa. Pasiwa pamadzaza, amayi amagona m'nyumba, abambo amachezera moto panja, akwaya amaimba mpaka mbandakucha. Koma anthu aja amabalalika. Bambo anga titawaika, patapita milungu iwiri pakhomo panati zii, mphasa zonse zitapindidwa. Ndinakwera phiri lathu la Zomba m'mawa wa mu Julayi, chiperoni chitakuta, n'kukaima ku Queen's View. Nyanja ya Chilwa sinkaoneka n'komwe, nkhungu yokhayokha. Sindinapemphere ndi mawu, pakamwa panali pouma. Koma sindinachokenso. Ndikamuona mmonkeyu ndimakumbukira m'mawa umenewo. Wotaya chikhulupiriro akanatembenuka n'kubwerera kumudzi. Uyu waima njii, nkhope yake yaloza komwe kulibe yankho, ndipo akudikirabe. Muyang'anitsitsenso kumwamba kwa chithunzicho: mitambo ikung'ambika, kukuyera pang'ono. Si dzuwa lowala ayi, ndi kakuwala kokwanira munthu woferedwa.

Chinanso, chithunzichi sichinatuluke chokha. Pachionetsero cha ku Berlin mu 1810 anachipachika pamwamba pa chinzake, ndipo mfumu ya Prussia (ufumu wakale wa ku Germany), Friedrich Wilhelm III, inagula zonse ziwiri. Chachiwiricho chikuonetsa amonke atanyamula bokosi lamaliro, akudutsa pamanda kulowera pachipata cha tchalitchi chogumuka, pakati pa mitengo yopanda tsamba. Anthu ena amati amene ali m'bokosimo ndi mmonke wathu yemweyu, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Pagombe anali yekha, koma pomuperekeza abale ake abwera onse.

Chachiwirichi chifufuzeni pa intaneti, dzina lake ndi Abtei im Eichwald. Muziike pamodzi pafoni, cha nyanja pamwamba, cha manda pansi, monga anazipachikira mu 1810.