Chuku chobiriwira m'matumba a bowa

FUNSO: Ndimalima bowa wa oyster m'matumba a pulasitiki. Ulusi woyera umayamba kuyanga bwinobwino, koma pakatha sabata imodzi kapena ziwiri matumba ena amachita mawanga obiriwira, osaberekanso. Kodi vuto ndi mbewu kapena kakonzedwe kanga? — Mlimi wa bowa

YANKHO: Chimenecho ndi chuku chotchedwa Trichoderma. Njere zake, zosaoneka ndi maso, zimakhala m'dothi, m'fumbi, pamapesi ndi pautuchi. Zikalowa m'thumba zimamera ulusi woyera wofanana ndi wa bowa, n'chifukwa chake mlimi sazindikira msanga. Ulusiwu umakula mofulumira n'kulanda chakudya, ndipo ukakumana ndi wa bowa umauzengereza, n'kutulutsa timadzi tosungunula khungu lake, kenako n'kuyamwa zam'kati. Mukamaona kubiriwirako, dziwani kuti chukucho chakhwima kale ndipo chikubala njere zatsopano.

Pomwe pali mawanga pangakuuzeni kumene vuto lachokera. Akakhala mozungulira timbewu ta bowa pafupifupi m'matumba onse, kayikirani mbewu. Akakhala kukamwa kwa thumba kapena pomwe labooka, chuku chinalowa pofesa, kudzera m'manja, mphepo kapena tintchentche. Akayambira pakatikati, mapesi omwe mumalimapo bowa sanatenthe mokwanira kuti njere za chuku zife.

Ambiri amagwa pa kutenthetsaku. Mapesi odulidwa akhale m'madzi a madigiri 65 mpaka 70 kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo muyambe kuwerenga nthawi pamene pakati penipeni patentha, osati pamene mwasonkha moto. Akhe madzi mpaka pofinya ndi dzanja pangotuluka dontho limodzi kapena awiri. Madzi odikha pansi pa thumba amabanikitsa bowa. Trichoderma amakonda malo a asidi, choncho magalamu 100 mpaka 200 a laimu pa makilogalamu 10 a mapesi ouma amamubweza m'mbuyo. Gaga musachulutse: amadyetsa chuku asanadyetse bowa.

Fesani mapesi atazizira kufika pansi pa madigiri 30, m'chipinda chotseka, manja ndi tebulo zitapukutidwa ndi sipiliti. Mbewu musaumire, ikhale magalamu 30 mpaka 50 pa kilogalamu ya mapesi onyowa, kuti bowa ayange msanga. Matumba musawaunjike, chifukwa m'kati mwake mumatentha kuposa m'chipinda, ndipo kutentha kukapitirira madigiri 30 bowa amafooka pomwe chuku chikusangalala.

Thumba lodwala lilibe mankhwala odalirika, poti bowa ndi chuku onse ndi a gulu limodzi la zamoyo lotchedwa mafangasi, ndipo chopha mmodzi nthawi zambiri chimapwetekanso mnzake. Musalitsegule kapena kulithirira m'nyumba ya bowa. Livekeni thumba lina, mumange, mukalikwirire kapena kuliwotcha kutali, kenako mutsuke mashelefu ndi madzi a klorini. Kadontho kamodzi kakang'ono ka chuku pa thumba loyanga kale mutha kukakwirira ndi mchere, koma thumbalo likhale palokha ndipo muziliyendera pomaliza, mutatha kugwira matumba abwino.