Funsani Amakanika: Galimoto ikadutsa 200,000 km izimwa oilo wanji?

FUNSO: Amakanika, ndili ndi Toyota Sienta ya 2008, injini ya 1NZ, ndinaitanitsa ku Japan inalowera ku Dar es Salaam ili pa 90,000 km pano yafika 215,000. Nthawi yonseyi ndakhala ndikuika 5W-30 koma amene amandipangira sevisi akuti galimoto yakalamba izimwa 20W-50 basi, akuti kuno n'kotentha komanso oilo wolimba amatseka mipata mu injini. Utsi situlutsa koma oilo amatsikako pang'ono ndisanafike sevisi ina. Ndisinthe kodi? Mayi wa Sienta, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, musasinthe. Nkhani imeneyi ili ponseponse m'magalaja mwathu muno ndipo injini zambiri zabwinobwino zikuwonongeka nayo, nde ndifotokoze bwinobwino.

Manambala aja amaikidwa ndi bungwe la ku America la SAE. Nambala yoyamba, ija ili ndi W, ikunena mmene oilo amayendera akazizira, ikakhala yaing'ono ndiye kuti mmawa mukangoliza galimoto oilo akufika msanga kumtunda kwa injini. Yachiwiriyo, 30, 40 kapena 50, ndi kulimba kwa oilo atatentha kufika madigiri 100. Tsono kuchoka pa 5W-30 kupita pa 20W-50 mwalumpha mbali zonse ziwiri, mmawa oilo azichedwa kukwera, injini ikatentha akhalabe wolimba kuposa mmene anaipangira. Ndipo zitsulo zimadyana kwambiri pa nthawi yoliza ija oilo asanazungulire, makamaka mwezi wa June ndi July kukazizira.

Zoti kuno n'kotentha ndi zoona koma injini siyendera kutentha kwa panja ayi. Muli thermostat ndi fani zimene zimasunga madzi pa madigiri cha m'ma 80 mpaka 90, kaya muli ku Dedza kaya ku Nsanje. Mwa njira, ngati wina anakuchotserani thermostat, poti nazonso zimachitika kwambiri, ibwezeretseni, injini yosafika pa kutentha kwake imadetsa oilo msanga ndipo imamwa mafuta.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa 1NZ yanuyo ndi VVT-i. Kachipangizo kameneka kamasintha nthawi yotsegulira ma valve ndipo kamagwira ntchito ndi mphamvu ya oilo yemweyo, amadutsa pa kasefa kakang'ono ndi timabowo ting'onoting'ono asanafike pa giya ya camshaft. Oilo akakhala ngati phala la mgaiwa sadutsa msanga pamenepo, mumayamba kumva kakuphokosera mmawa, galimoto kulemera ponyamuka, petulo kutha msanga, mwinanso check engine kuyaka, kenako muyambe kugula masensa amene alibe vuto lililonse. 20W-50 uja ndi wa injini zakale za kabuleta zimene mipata yake inali yaikulu kuchokera ku fakitale komwe, ndipo amakanika ambiri amene amamukonda anaphunzirira ntchito pa injini zimenezo, sikuti akufuna kukupwetekani.

Mileage payokha sinena kanthu. Injini ya 215,000 km imene imasinthidwa oilo nthawi yake ikhoza kukhala yothina kuposa ya 100,000 imene mwini wake amaiwala sevisi. Komanso tisanamizane, mileage imene ma ex-Japan ena amabwera nayo si yoona nthawi zonse. Nde m'malo moyang'ana pa dashibodi yang'anani dipisitiki, kachitsulo koyezera oilo kaja. Mukangopanga sevisi imikani galimoto pamalo afulati, izime kwa mphindi zingapo, onani pamene oilo ali ndipo lembani mileage, kenako muzionanso pa 1,000 km iliyonse. Mabuku ambiri a Toyota amalola mpaka lita imodzi pa 1,000 km, ine ndimaona kuti pamenepo ndiye pachuluka, koma ngati yanuyo ikungomwa theka la lita pa 5,000 km palibe chodandaula, thirani wowonjezera wa mtundu womwewo muzipita.

Ikayamba kumwa kwambiri, musanasinthe oilo onani kaye ngati sakudontha. Pa gasiketi ya top cover, pa ma seal a crankshaft, pa bawuti ya sampu ngati washa yake inatha. Palinso ka valve kotchedwa PCV kali pa top cover, kotchipa, kakatsekeka kamapangitsa injini kukankha oilo m'ma seal ndi kumuwotcha, ambiri sakaganizira n'komwe. Zonsezi zikakhala bwino koma ikumwabe, kwerani sitepe imodzi yokha, 5W-40 kapena 10W-40, osapitirira pamenepo. Pabotolo onani zilembo za API, zosonyeza mulingo wa ubwino wa oilo, akhale SL kapena kuposera, monga SM, SN kapena SP wa mu 2020. Injiniyi imalowa malita pafupifupi 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe, musalole kuti athire botolo lonse la malita asanu eti poti mwagula kale.

FUNSO: Achimwene, ine ndimayendetsa Hiace ya dizilo injini ya 5L, Nchalo–Blantyre tsiku lililonse. Ikatentha bwinobwino tikamakwera kuchokera pa Thabwa kenako ndikaima pa siteji, kagetsi ka oilo kamaphethira, ndipo kumbuyo kumatuluka utsi wabuluu. Ndimaika 15W-40. Ndiike wa 50? Dalaivala, Nchalo

YANKHO: Achimwene, apa ndiye nkhani ina. 15W-40 wa dizilo ndiye woyenera injini imeneyo, wa API CH-4 kapena CI-4, ndipo katundu amene mumanyamula pa chitunda chija ndi kutentha kwa ku Lower Shire mwezi wa October oilo amavutikadi. Koma kagetsi kakamaphethira pa idle injini itatentha ndiye kuti pressure yatsika, mwina ma bearing adyeka, mwina pampu yatopa, mwina kasefa ka mu sampu katsekeka ndi matope a oilo, nthawi zinanso ndi switch chabe imene ikunama. Musaganizire, pitani kwa makanika amene ali ndi geji amange pamalo pa switch ayeze pressure yeniyeni injini ili yotentha. Ntchito yake ndi yosatenga ola.

Utsi wabuluu ndi oilo akupsa. Ukamatuluka mmawa poliza pokha kenako n'kusiya, kawirikawiri ndi ma valve stem seal auma. Ukamatuluka nthawi zonse makamaka mukaponda moto pa chitunda, ndi maring'i, ndipo compression test ndi imene ingatsimikize. 20W-50 wa dizilo akhoza kukweza pressure pang'ono n'kuchepetsako utsi, pa injini yakale yopanda VVT-i ngati yanuyo sindingakukanizeni, koma mudziwe kuti mukungogula nthawi yosonkhanitsira ndalama ya overhaul, yophwasula injini n'kusintha zitsulo zodyeka. Chitsulo chimene chadyeka sichibwerera. Auzeni abwana a minibasiyo panopa, ma bearing akagwira crankshaft muli ndi anthu m'makhotakhota muja mtengo wake ukhala wina, ndipo moyo wa anthu ulinso pomwepo.

FUNSO: Akuti oilo wa synthetic amabowola ma seal a galimoto yakale, ndi zoona? Nanga wolembedwa High Mileage uja ndi wosiyana bwanji? Ndili ndi Honda Fit ya 2006. Mnyamata wa ku Katoto, Mzuzu

YANKHO: Sabowola ayi amwene. Chimene chimachitika n'chakuti oilo wabwino amatsuka zinyalala zimene zinamata pa seal yotha kale, nde kudontha kumene kunabisala kumaonekera, anthu n'kumanena oilo. High Mileage amagulitsidwa kwambiri ku America kwa magalimoto opitirira mamailosi 75,000, ndiye kuti cha m'ma 120,000 km, muli mankhwala ofewetsa ma seal ouma. Amathandizako ngati seal ikungotuluka thukuta, ikang'ambika palibe chimene angachite. Mukamupeza pa giredi yomwe buku la Fit likufuna, monga 5W-30, ikani, mukapanda kumupeza musadandaule. Ku Mzuzu ndi kuzizira kuja ndiye 20W-50 musayerekeze n'komwe.

Chimene ndimaopa ine kuposa zonsezi ndi oilo wa m'mabotolo a madzi akumwa uja wa m'mbali mwa msewu, simudziwa kuti ndi giredi yanji, wina amakhala wogwiritsidwa kale ntchito anangomusefa. Gulani wa chitsekerero chosatsegula pa filling station kapena shopu yodziwika, muone ndi maso anu akuthira, fyuluta isinthidwe nthawi yomweyo. Ndi fumbi lathuli komanso maulendo afupiafupi a m'tauni, 5,000 km kapena miyezi isanu ndi umodzi, chimene chayamba kukwana, sinthani.