Bungwe la mtundu wa ng'ombe liyambe ndi kaundula ndi sikelo

Bambo, funso lanu ndaliona. Mwati inu ndi anzanu angapo oweta Brahman ndi ana ake osakanizika ndi ng'ombe zachikuda mukufuna kuyambitsa bungwe la mtundu wa ng'ombe za nyama, koma simukumvana poyambira. Ena akuti muyambe ndi chionetsero ndi okushoni ya nkhunzi, ena akuti bungwelo lizikusakirani ngongole ndi misika. Ndiye mukufunsa kuti ntchito yeniyeni ya bungwe lotere ndi iti, ndipo ndalama zoyamba zipite kuti.

Ndalama zoyamba gulirani sikelo, matagi a kukhutu ndi buku la kaundula. Katundu amene bungwe la mtundu limagulitsa ndi mmodzi: chikhulupiriro cha wogula chakuti zolembedwa pa satifiketi ya nkhunzi ndi zoona. Munthu amalipira mtengo wa ng'ombe zitatu pa nkhunzi imodzi chifukwa pepala likumuuza bambo wake, mayi wake, mmene inakulira ndi mmene mayiyo amaberekera. Pepalalo likangogwidwa bodza kamodzi, nkhunzi za mamembala onse zimabwerera pa mtengo wa kubutchala. Za ngongole ndi misika nzofunika ndithu, koma zimenezo zisiyireni kopaletivi.

Onani mmene anachitira oweta Bonsmara ku South Africa. Ng'ombeyi anaipanga ndi Pulofesa Jan Bonsma pa malo a kafukufuku a Mara, posakaniza magawo 5 mwa 8 a Afrikaner ndi magawo 3 otsalawo a Hereford ndi Shorthorn. Bungwe lake linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo linaumirira kuti ng'ombe yopanda zolembedwa za kakulidwe ndi kaberekedwe isalowe m'kaundula. Ng'ombe imayamba yapimidwa, kenako oyendera amaiona ndi maso, ikakhoza m'pamene imavomerezedwa. Mipikisano yolimbirana zikho pa chionetsero iwo sachita nawo. Lero Bonsmara ndi umodzi mwa mitundu yowetedwa kwambiri m'dzikolo.

M'kaundula mwanu thole lililonse lilembedwe pasanathe masiku 60 libadwire: nambala yake, tsiku lobadwa, ngati ndi lalimuna kapena lalikazi, mayi, bambo, kulemera kwake m'masiku 3 oyamba, komanso ngati linabadwa lokha kapena lochita kukoka. Nambala ikhale ndi zilembo za khola, chaka ndi mndandanda wa kubadwa, kuti pasapezeke ziwiri zofanana. Tagi imathothoka m'minga, choncho nambala yomweyo idindidwenso m'khutu ndi inki kapena pachikopa ndi chitsulo chamoto. Membala azilemba khola lonse, kuphatikizapo mathole akufa ndi ng'ombe zimene sizinatenge bere. Akamalemba okongola okha, chiwerengero chapakati chimakwera mwabodza, thole labwino n'kumaoneka wamba, ndipo mayi wosabereka amabisala zaka ndi zaka.

Pamene kaundula amafera kawirikawiri ndi pa dzina la bambo. Ng'ombe zikamadyera limodzi kudambo ndi za mudzi wonse, palibe amene angalumbire kuti thole ndi la nkhunzi iti. Lamulo likhale lakuti nkhunzi imodzi ikhale ndi zazikazi 25 mpaka 30 pazokha, nyengo yokweretsa ikhale ya masiku 90, ndipo tsiku lolowetsa ndi lotulutsa nkhunzi lilembedwe. Mukafuna kulowetsa nkhunzi ina, padutse masabata atatu. Mlembi wa bungwe aziwerengera chobwerera: bere la ng'ombe limatenga masiku pafupifupi 283, la Brahman limafika cha m'ma 290, ndiye tsiku lobadwa likapanda kugwirizana ndi masiku a nkhunziyo, kulembedwa kwa tholelo kuyambe kwaima. Nkhunzi iliyonse yopita kukagulitsidwa ngati mbewu ipimidwe DNA, yomwe imatsimikiza bambo wake weniweni. Amazula ubweya wa kumchira pafupifupi 30 ndi mizu yake yomwe, wouma, n'kuuika mu envelopu yapepala, chifukwa m'pulasitiki umachita nkhungu. Onjezani thole limodzi mwa 10 alionse, losankhidwa ndi mlembi mwini khola asanadziwe.

Tsopano za sikelo, poti apa m'pamene maso amanamiza anthu. Pimani pobadwa, posiyitsa kuyamwa, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 18. Popeza mathole sabadwa tsiku limodzi, kulemera kwa posiyitsa kuyamwa kumawerengeredwa pa masiku 205. Tiyerekeze thole lobadwa ndi makilogalamu 30, lomwe pa masiku 190 lalemera 182. Lawonjezera 152, kutanthauza 0.8 pa tsiku. Kuchulukitsa ndi 205 kenako kuphatikizapo 30 aja, tikupeza 194. Lina lobadwa ndi 32, pa masiku 230 lalemera 205. Pa tsiku lopima, thole limeneli ndilo likuoneka lalikulu, ndipo aliyense aloza lomweli, koma likukula ndi 0.75 pa tsiku ndipo pa masiku 205 lili ndi 186 basi. Woyenera kusungidwa ndi woyamba uja.

Manambalawa amagwira ntchito pokhapokha mukuyerekeza zofanana: mathole a khola limodzi, aamuna paokha, aakazi paokha, obadwa m'nyengo imodzi yosapitirira masiku 90, odya zofanana, opimidwa tsiku limodzi m'mawa asanamwe madzi. Kulemera kwapakati kwa gululo kumatchedwa 100. Ngati pakati ndi makilogalamu 180, thole la 194 lija lili pa 108. Thole limene limapatsidwa madeya kuseri liikidwe m'gulu lake, apo ayi mudzakhala mukuyamikira thumba la madeya n'kumati ndi mtundu. Tepi yokulunga pachifuwa ndi yothandiza poyeza mankhwala a njoka zam'mimba, koma imaphonya ndi makilogalamu angapo, ndiye kaundula asadalire imeneyo. Sikelo imodzi yonyamulika ingathe kuzungulira makola onse ngati mwagwirizana nyengo yokweretsa. M'tsogolo, ziwerengero zikachuluka, mudzatha kulowa m'ndondomeko ngati Breedplan ya ku Australia, imene imayerekeza ng'ombe za m'makola osiyana, koma iyonso imafuna zolembedwa zomwezi.

Pa zonse zosankhira ng'ombe, ikani kubereka patsogolo pa kukula. Zazikazi 100 zikasiyitsa mathole 60 a makilogalamu 200, mwapeza makilogalamu 12,000. Zikasiyitsa 80 a makilogalamu 180, mwapeza 14,400. Ndingalangize kuti msoti ubereke koyamba usanapitirire miyezi 39, ndipo mayi wolumpha nyengo ziwiri achotsedwe m'kaundula ngakhale akhale wokongola chotani. Kwa nkhunzi, yezani kuzungulira kwa machende ndi tepi pamene pali potakata. Ku mitundu ya ku Ulaya madokotala a ziweto amafuna masentimita osachepera 30 pa miyezi 15 ndi 34 ikapitirira zaka ziwiri. Brahman imakhwima mochedwerapo, choncho khalani pansi ndi dokotala mukonze muyezo wanu wotsata msinkhu ndi kulemera. Umuna upimidwe isanagulitsidwe, ndipo mbewu zosachepera 70 mwa 100 zikhale zoumbika bwino.

Zina sikelo siona, n'chifukwa chake pamafunika oyendera. Aone miyendo ndi ziboda, chifukwa nkhunzi yotsimphina siyenda mtunda kutsata zazikazi. Aone nsagwada ngati mano akukumana bwino ndi nkhama zakumwamba. Pa Brahman ayang'anitsitse chikopa cha kumchombo: chikalendewera kwambiri chimabayidwa ndi minga ndi ziputu, chimatupa, nkhunzi n'kusiya ntchito pakati pa nyengo. Yolusa ikanidwe, popeza ukali umatsata ana ndipo amene amavulala ndi abusa. Oyendera akhale awiri, ndipo asayendere khola lawo kapena la m'bale wawo. Nkhunzi yokanidwa ifulidwe oyenderawo asanachoke. Mukaisiya, igulitsidwa chamseri, wogula n'kumauza anthu kuti anaigula kwa membala wa bungwe lanu.

Anzanu ofuna kuyamba ndi chionetserowo akumbutseni za chikomekome cha mkuyu. Ku America, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, oweruza pa zionetsero ankakonda Hereford zazifupi zojintcha. Oweta anathamangira nkhunzi zoterozo, ndipo pamodzi nazo anafalitsa chilema chobereka mathole opinimbira, chimene chinawononga makola ambiri. Mu 2008 bungwe la American Angus Association linakumananso ndi chilema cha mathole obadwa akufa, opindika msana ndi miyendo, chimene chinafala kudzera mwa nkhunzi yotchuka ndi ana ake. Brahman nayo ili ndi zake, monga matenda a Pompe, amene amafooketsa minofu ya thole mpaka kufa lisanakule. Ng'ombe yonyamula chilema chotere imaoneka yabwinobwino. Zonyamula ziwiri zikakwerana, mwa mathole anayi limodzi limadwala, awiri amanyamula, limodzi limakhala loyera. Apa bungwe liyenera kulimba mtima: nkhunzi zipimidwe, ndipo zotsatira zilembedwe pa satifiketi, ngakhale nkhunziyo ikhale ya wapampando.

Popeza ng'ombe zanu zambiri ndi zosakanizika, tsegulani kaundula wa magawo. Yachikuda ikakweredwa ndi Brahman yeniyeni, mwana amakhala ndi 50 peresenti ya magazi a Brahman. Wotsatira 75, kenako 87.5, wachinayi 93.75. M'badwo uliwonse ukhale ndi gawo lake ndipo satifiketi inene poyera. Ulendowu umatenga zaka 12 kapena kuposerapo, ndiye mamembala adziwiretu. Koma musanapangane zomeza ng'ombe zachikuda zonse, lingalirani za msipu wa mu Okutobala. Ng'ombe imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi 2.5 peresenti ya thupi lake pa tsiku: ya makilogalamu 500 ikufuna 12.5, ya 300 ikufuna 7.5. Ng'ombe za Malawi Zebu ndi za Angoni za kummawa kwa Zambia ndi zazing'ono, koma zinazolowera dzuwa, nkhupakupa ndi udzu wouma. Boran ya ku Kenya, yomwe bungwe lake linayamba mu 1951, ndi Tuli ya ku Zimbabwe zinali ng'ombe za kumudzi zomwe anthu anazikweza pozisankha ndi kuzilemba, ndipo lero mbewu yake ikufunidwa mpaka ku Australia. Zimandiwawa kuona zathu zikutha popanda wozipima n'komwe. Ngati ena mwa inu ali ndi zachikuda zobereka chaka ndi chaka, apatseni buku lawo.

Kaundula yemweyo akuthandizani kupewa chibale. Nkhunzi ikatha zaka zitatu m'khola, ana ake aakazi amakhala afika pokweredwa. Mlembi aziona mabuku ndi kulangiza amene angasinthane nkhunzi, chifukwa bambo akakwera mwana wake kubereka kumatsika ndipo zilema zobisika zija zimatulukira.

Okushoni ichitike chaka chachitatu, mutakhala ndi zopima za nyengo ziwiri. Ng'ombe iliyonse ibwere ndi umboni wa dokotala kuti ilibe chifuwa chachikulu ndi matenda otayitsa bere, ndipo nkhunzi imene inakwerapo kale itsukidwe kumchombo n'kupimidwa matenda opatsirana pokwerana. Zilolezo zoyendetsera ziweto zitengedwe msanga, ndipo tsiku likhale lotheka kusuntha, poti matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi akabuka boma limatseka misika ya ng'ombe. Pa pepala la malonda palembedwe zimene nkhunzi yakhala ikudya. Yonenepetsedwa ndi madeya imasungunuka ikafika pa msipu wa wogula, ndipo mafuta ochuluka kumachende amawononga umuna. Wogulitsa alonjeze polemba kuti nkhunzi ikapezeka yosabereka m'miyezi 6 adzabweza ndalama kapena kupereka ina, ndipo bungwe lisinthe dzina la mwini pa satifiketi pasanathe masiku 30.

Za kayendetsedwe ndinena mwachidule. Membala aliyense akhale ndi voti imodzi, kaya ali ndi ng'ombe 10 kaya 300. Chopereka chikhale cha pachaka, kuonjezapo kandalama pa yaikazi iliyonse yolembedwa, chifukwa mukamalipiritsa pa thole anthu amabisa mathole ofooka. Wosunga kaundula asakhale wogulitsa nkhunzi, ndipo zolembedwa zisungidwe pawiri, m'buku ndi pa kompyuta, m'nyumba zosiyana. Pa msonkhano woyamba gwirizanani miyezi yokweretsa, zilembo za khola lililonse, ndi chilango cha wonama dzina la bambo wa thole. Chilangocho chilembedwe tsopano, pamene palibe amene wagwidwa.