Kwa madamu amene afunsa za mwana wojambula chikwanje

Madamu, mwati mnyamata wanu wa Sitandade 3, wa zaka 8, anajambula bambo atakweza chikwanje, wina ali kwala pansi magazi ali chuchuchu, ndipo mutamufunsa anangoti, "Ndikadzakula ndidzamukhapa." Ndaona mayankho a anzathu. Ena akuti mukwapuleni, ena akuti abwerere akatenge makolo, wina akuti ndi ziwanda, wina mpaka watchula ku Mental, chipatala cha odwala matenda a m'maganizo chija. Ine ndatha choko chambiri m'makalasi a ana aang'ono kuno ku Zomba, ndiye ndiloleni ndiikepo mlomo.

Zachiwawa m'masewera a ana zisakuthamangitseni magazi. Ana athu akukula akuona asilikali a ku Cobbe Barracks, akudutsa pa ndende yaikulu ija, ndipo akaweruka amakaunjikana m'mashedi a vidiyo ku Chinamwali kapena ku Songani, kuonera mafilimu a nkhondo ndi karate omasuliridwa m'Chichewa. Mawa lake pa buleki phesi la chimanga lasanduka mfuti, "Thuu! Thuu! Wafa iwe!" Wakufayo agona pang'ono, adzuka, asansa fumbi, ulendo kukalandira phala. Amenewo ndi masewera basi, ndipo atiuze ndani kuti ifeyo sitinkachita nkhondo za malegeni?

Chimene chandigwira mtima m'nkhani yanu ndi ka "mu" ka mu "ndidzamukhapa." Mwanayo ali ndi munthu m'maganizo. Ndani?

Ndikuuzeni za kulakwa kwanga. Kale ndithu, pasukulu ina, ndinali ndi kamtsikana ka Sitandade 2 kamene kankaumba zidole zadothi zokongola, nkuziyanika pakhonde la kalasi. Zikauma kankasankha chachikulu, nkuchipotokola khosi, kakuyankhula chapansipansi kuti, "Ufe, ufe." Anzake atandinenera ndinakaitanira kutsogolo, nkukathyapa m'manja katatu, kalasi yonse ikuona. Kanasiyiratu. Ine mumtima ndinati ndakonza mwana. Patatha teremu, amayi a gulu loyang'anira ana pasukulu paja anabwera kudzandinong'oneza kuti bambo omupeza amamenya mayi ake pafupifupi usiku uliwonse, mwanayo atabisala kuseri kwa thumba la chimanga. Chidole chachikulu chija chinali bamboyo. Mwana ankandiuza ndi dothi zimene pakamwa pankakanika, ine nkumuphunzitsa kubisa. Mpaka lero ndikakumbukira timanja tija tili tambalale, mtima umandiwawa. Chikwapu ngakhale Unduna wa Zamaphunziro unachiletsa m'sukulu, koma ine sindinachisiye chifukwa cha lamulo ayi, ndinachisiya chifukwa cha mwana ameneyo.

Ndiye inu mawa musamuimike pamaso pa anzake. Pa buleki mutengeni mukakhale pansi pa mtengo, poti anthu akukuonani koma sakukumvani. Mukhale naye pansi ndithu, osati inu chiimire iye atagwada. Mutambasule pepala lija nkuti, "Tandifotokozera chithunzi chakochi. Uyu ndani? Nanga wagonayu?" Kenako funso limene ine limandithandiza kwambiri: "Iwe uli pati pamenepa?" Mwana wina aseka nkukusimbirani filimu yonse, mpaka dzina la ekita. Wina aloza pakona pa pepala pamene sanajambulepo kanthu nkuti, "Ndili apa, ndabisala." Mukamva zotero mwadziwa kale kuti si za vidiyo.

Musamuikire mawu m'kamwa. Mukati, "Bambo ako amakumenya, eti?" mwana wa msinkhu umenewu avomera pofuna kukusangalatsani. Akangoti duu musamukakamize, mudzayesenso mkuja. Musamulonjeze kuti simuuza munthu, chifukwa mwina mudzayenera kuuza ndithu. Ingomuuzani kuti muuza okhawo amene angathandize. Ndipo amve kuchokera kwa inu kuti kukwiya si mlandu, aliyense amakwiya, koma kuvulaza munthu ndiye ayi. Mukatha lembani mu kope zimene wanena, m'mawu ake omwe, ndi deti. Chithunzicho musunge mu ofesi. Chonde musachijambule nkuchiponya muno kapena pa WhatsApp ya aphunzitsi. Zomba ndi yaing'ono, pofika madzulo anthu adziwa kuti ndi mwana wa ndani.

Pali nthawi imene simuyenera kudikira mawa. Mwana akatchula dzina la mnzake, chida ndi malo, monga "ndimucheka ndi leza poweruka pa mlatho paja," tengani lezalo nthawi yomweyo, ngakhale anene kuti ndi losongolera pensulo. Auzeni ahedi tsiku lomwelo, ndipo ana awiriwo asaweruke okha. Chimodzimodzi ngati nkhaniyo ikubwerabwera sabata ndi sabata, ngati amazunza tiana ta agalu kapena anapiye akusangalala, kapena ngati wayamba kunena kuti iye mwini akufuna kufa. Nthawi zambiri mukafufuza mupeza kuti woopsezayo ndi amene wakhala akulandidwa zigege ndi kumenyedwa m'njira, ndipo watopa.

Za kuitana makolo, pondani mosamala. Ngati wachikwanje uja ndi bambo a pakhomo pomwepo, kalata yanu ikafika mwana agona ndi mikwingwirima. Yambani mwadziwa kuti pakhomopo wodalirika ndani, kaya ndi mayi, agogo kapena amalume, ndipo amayi a gulu la pasukulu amadziwa makomo kuposa ife. Zikaoneka kuti pali nkhanza, imbani 116, nambala yaulere ya Tithandizane, imene amayendetsa a bungwe la YONECO, omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba. Aliponso alangizi oteteza ana a ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, komanso Victim Support Unit ku polisi. Koma kupolisiko mupite kukateteza mwana, osati kukamuopseza ndi unyolo. Malamulo a dziko lino amati mwana wosakwana zaka 10 sangazengedwe mlandu.

Achimwene mwatchula ku Mental, chipatalacho ndi chofunika ndipo chimathandiza anthu ochokera m'dziko lonse lino, koma chithunzi chimodzi si misala. Mukangotchula mawu amenewo pasukulu, mwanayo adzatchedwa wamisala mpaka Sitandade 8. Za ziwandazo, ine ndine wa Mvano ndipo kupempherera mwana sindikana, koma kumuzungulira mukumukuwira kuti "tuluka" ndi kumuonjezera mantha. Kumunena kuti ndi mfiti ndiye ndi mlandu kumene, lamulo lake lilipo chiyambire 1911.

Ndikudziwa kuti muti nthawi muipeza kuti. Chiyambireni sukulu yaulere mu 1994 takhala tikuphunzitsa ana odzaza kalasi mpaka pakhomo, mayina ena timawadziwa teremu yachiwiri. Koma uyu wadzionetsa yekha. Mphindi 10 za buleki zikwana poyambira, ndipo masiku otsatirawo mumupatse kantchito, kaya kufufuta bolodi kaya kukunyamulirani makope, kuti azikhala pafupi nanu popanda anzake kudabwa. Pepala ndi pensulo musamulande, azijambulabe, inu muziona ngati wogona pansi uja akusintha nkhope. Mukayankhula naye mundilembere kumbali, osati muno, tione pogwira.